Mphini za pa Akakolo

Ndine Mbewe, bambo a Tadala, wa ku Finglas, kuno ku Dublin. Kwathu ndi ku Ntcheu. Sukulu ndinalekera Sitandade 5, ndiye musayembekezere Chingerezi chambiri. Abusa akhala akundipempha kuti ndidzaime pamsonkhano wa azibambo uno, ine n'kumakana. Lero ndavomera chifukwa muno muli nkhope zina zimene ndinkakumana nazo kumalo amene sitiwatchula m'tchalitchi. Musaweramitse mitu. Sinditchula munthu, ndidzitchula ndekha.

Ndinatsala pang'ono kupha mkazi wanga. Ndayambira pamenepo kuti pasapezeke woodzera.

Ulesi ndilibe, ndipo sindinabepo kanthu ka munthu. Ku Lilongwe ndinali makaniko, kenako kalipentala, kenako dalaivala. Kuno ku Dublin, atatipatsa mapepala, ndatsukapo mbale m'hotela, ndasesapo m'maofesi, ndasamalirapo okalamba, ndayendetsapo vani yoperekera katundu. Kulikonse ndinkayamba ngati moto wa mapesi. Mwezi woyamba abwana ankandiyamikira. Kenako makiyi asowa, katundu wa ku Skerries ndakatula ku Ongar, ndafika mochedwa, ndadula abwana mawu pakamwa anthu akuona. Pondichotsa onse ankanena zofanana: ndinu munthu wabwino, koma sitingakudalireni. Ine ndinkatuluka ndikunena kuti ndi tsankho. Nthawi zina linali tsankho ndithu. Nthawi zambiri ndinali ine.

Kuseri kwa nyumba ndili ndi kashedi. Mukanalowamo nthawi imeneyo mukanapeza mipando ya miyendo itatu, wailesi zotsegula mimba, njinga yopanda tcheni. Chilichonse ndinachiyamba ndi mtima wonse, palibe chimene ndinamaliza.

M'mutu mwanga munali ngati pa depoti ya minibasi, oitanira onse akukuwa nthawi imodzi, aliyense akukukoka dzanja. Ndinkayesa kuti aliyense m'mutu mwake ndi momwemo, kungoti anzanga amapirira kuposa ine.

Amene anandinyamula zaka zonsezi ndi mkazi wanga, NaBanda. Iwo ndiwo anali mutu wanga. Ankakumbukira tsiku la kwa dokotala, tsiku lotulutsa mabini, pamene ndasiya foni, amene ndamulonjeza kanthu. Amagwira ntchito ya usiku kunyumba yosamalira okalamba, masana n'kumagona. Koma sikunali kugona. Chitseko cha kuchipinda ankachisiya chotsegula, khutu limodzi lili kukhitchini kumene kuli ine.

Mowa ndinaupeza ndili wamkulu kale. Ndinaona kuti ndikamwa awiri, oitanira aja amakhala chete. Poyamba unali wa Lachisanu. Ntchito ya vani itatha unakhala wa tsiku lililonse, kuyambira masana. Lamulungu ndinkavala suti, kutafuna maswiti a minti, n'kudzaima kutsogolo kuno monga mkulu wampingo. Ena a inu munkandigwira chanza, ndipo munkadziwa.

Tsono alamu ya utsi ya m'nyumba mwathu inayamba kulira pang'onopang'ono, batire litatha. Phokosolo linkandilasa m'mutu. Ndinakwera pampando, ndinachotsa batirelo, ndinabwezera chivundikiro, ndikuti ndigula lina mawa. Mawa limenelo linatenga miyezi. NaBanda sankadziwa.

Tsiku lina masana, iwo ali mtulo m'chipinda cham'mwamba, ndinati ndiwakazingire nsomba adzadye podzuka. Ndinathira mafuta m'chiwaya, ndinayatsa sitovu. Ndikudikira kuti mafuta atenthe, maso anagwera pa alamu ija kudenga. Ndinati, batire lija. Shopu ili pafupi, ndithamange. Ndinatuluka, batire ndinagula. Pakhomo pa shopu ndinakumana ndi mnzanga wina amene anati tingolowa mu pub timweko kamodzi kokha. Galimoto ya ozimitsa moto inadutsa ndili ndi tambula m'manja, batire lili m'thumba la jekete. Ndinauza mnzangayo kuti anthu ena ndi osasamala.

Amene anawapulumutsa ndi aneba athu, mayi wokalamba wa konkuno. Anaona utsi, anamenya chitseko ndi ndodo yawo yoyendera mpaka NaBanda anadzuka. Anatsika masitepe chokwawa.

Ndinawapeza kuchipatala ali ndi chubu cha mpweya pamphuno, ine ndikununkha mowa. Ndinayembekeza kutukwanidwa. Anangondiyang'ana.

"Bambo a Tadala, sindinakwiye ayi. Kukwiya kumafuna mphamvu. Ine ndatopa. Ndikufuna kukagona pamalo poti sindisanduka phulusa."

Atatuluka anapita ku Ongar kwa mwana wathu Tadala. Sanatenge zambiri: yunifolomu, Baibulo ndi pilo.

Apa ndiye ndinagwa kwenikweni. Ndinatsala ndekha m'nyumba yakuda ndi mwaye, yonunkha utsi. Sindinakolope, sindinapente. Ankhoswe athu enieni ali ku Malawi, ndiye akuluakulu awiri a mumpingo muno anabwera m'malo mwawo kudzamva mbali yanga. Anandipeza nditaledzera dzuwa lili pamutu. Ndinawauza kuti mkazi akatopa ndi kwa mwana abwera yekha. Udindo wa mumpingo anandivula, ndipo anachita bwino. Tsiku lina ndinadzidzimuka dalaivala wa basi akundigwedeza pa siteji yomaliza, kumalo kumene sindikudziwa, buluku litanyowa. Ana asukulu ankandilambalala. Bambo wa zaka zoposa sikisite. Sindiwonjezera.

Loweruka lina Tadala anabwera. Anatsegula mawindo onse osandifunsa, anakhala pampando wa kukhitchini wopsa mbali imodzi.

"Adadi, khalani pansi. Musayendeyende, khalani."

Ndinakhala.

"Mukukumbukira mmene ndinkatayira majuzi kusukulu? Mmene ndinasiyira kozi ija pakati, inu n'kundikalipira kuti ndine wosasamala? Chaka chatha ndinapita kwa dokotala wa za maganizo. Anandipeza ndi ADHD. Ndi vuto la ubongo, munthu amabadwa nalo. Umalephera kugwira chinthu chimodzi m'mutu, umaiwala, umachita usanaganize. Ndikumwa mankhwala. Anandifunsa ngati kwathu kuli wina wotero, chifukwa zimayenda m'magazi. Ndinaseka mpaka misozi."

"Ukuti ndine wamisala? Ukufuna unditengere ku Zomba?"

"Zomba ili kutali, adadi. Uyu ali mu town momwemu, basi imodzi."

"Matenda a azungu amenewo. A ana odya shuga wambiri. Kwathu mankhwala ake inali ndodo."

"Ndiye inakuchizani?"

Tadala anayang'ana kudenga, pamene alamu inasungunuka.

"Amami akugona, adadi. Moyo wanga wonse sindinawamvepo akuliza mkonono. Panopa ndimawamva ndili pa balaza. Inu mukuti abwerere. Abwerere ku chiyani?"

Mawu amenewo ndiwo ananditulutsa m'nyumba. Si chikhulupiriro pa madokotala ayi. Ndinkafuna mkazi wanga abwere, ndipo ndinalibe chomuitanira.

Tinayambira kwa GP, dokotala wathu wa masiku onse. Anati mzere wa boma wokaonana ndi dokotala wa za maganizo ndi wautali, ndipo pa msinkhu wanga ndikhoza kudikira mpaka kutopa. Njira yachidule ndi ya pulayiveti. Mtengo wake ndi wowawa, sindikunamizani. Ndinagulitsa makina anga ena a ukalipentala, Tadala anawonjezera. Koma GP anandiuzanso mosapita m'mbali kuti palibe dokotala angaone bwino m'mutu mwa munthu wonyowa ndi mowa. Anandithandiza kuusiya pang'onopang'ono, chifukwa anati kudula mwadzidzidzi n'koopsa kwa munthu amene wamwa chotero. Masabata amenewo manja ankanjenjemera moti tiyi ndinkamwa theka la kapu kuti asatayike.

Dokotala wa pulayiveti anali mayi, wamng'ono kwa ine kwambiri. Zimenezo zinandivuta. Anandifunsa mafunso mmawa wonse: za ntchito, za tulo, za mowa, za kupsa mtima. Anandiyesanso ngati kuiwala kwanga si kwa ukalamba. Pomaliza anati vuto limeneli siliyamba munthu ali ndi imvi. Ngati ndili nalo, ndiye kuti ndinali nalo ndili mwana, ndipo akufuna umboni. Anafunsa ngati ndili ndi malipoti akusukulu.

Ndinaseka koyamba pa miyezi yambiri. Ndinati malipotiwo chiswe chinamaliza kalekale, ndipo chinachita bwino.

Anafunsa za makolo. Ndinati anagona onse. Ndiye anati, kodi palibe aliyense wamoyo amene anakuonani muli mwana?

Analipo mmodzi. Achemwali anga aakulu, a Elube, ku Ntcheu. Iwowo ndiwo anandibereka kumbuyo. Ndinali nditakhala zaka osawaimbira. Sitinayambane. Ndinkangoti ndiimba mawa, mawa, mpaka manyazi anakula kuposa foni. Ndinauza dokotala kuti n'zosatheka, kumudziko netiweki imavuta. Tadala anati, "Imagwira bwinobwino, ine ndimalankhula nawo mwezi uliwonse." Mwana ameneyu.

Ulendo wachiwiri tinakhala atatu mu ofesi muja, foni ya Tadala itatsamira kapu pa tebulo. Pa sikirini panatuluka mtengo wa mango, kenako mphuno, kenako nkhope yonse. Akalamba achemwali. Mano atsala owerengeka. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Nkhalamba imeneyi ndi ndani? Layisoni, ndiwe? Uli moyo? Ife kuno tinatsala pang'ono kumeta."

"Ndili moyo, achemwali. Pepani."

"Pepani wakoyo usunge. Mzunguyo akufuna chiyani?"

Tadala anafotokoza kuti adokotala akufuna kudziwa mmene ndinalili ndili mwana. Achemwali anawomba m'manja ngati awauza kuti kuli ukwati.

"Kamvuluvulu ameneyu? Auze akhale bwino pampando."

Dzina limenelo ndinali nditaliiwala. Ndilo ankanditcha mudzi wonse.

Anayamba. Tadala akumasulira, dokotala akulemba, ine ndikuyang'ana nsapato. Anati ankandituma mchere mmawa, n'kubwera madzulo ndili ndi kagalu, mchere palibe. Anati mbuzi ndinkazisiya m'munda wa eni ake chifukwa ndatsatira mbalame, atate n'kumalipa milandu. Anati kusukulu ndinkayankha funso aphunzitsi asanamalize kufunsa, ndipo ndinkakwapulidwa tsiku lililonse mpaka aphunzitsiwo anadandaula kuti dzanja likuwapweteka. Anati ndinaotchapo nkhokwe ya amalume, ndikuotcha mbewa n'kuchokapo moto uli chiyakire.

Tadala anasiya kumasulira pamenepo, anandiyang'ana. Ndinati, "Masulira zonse." Anamasulira.

Kenako achemwali anauza ineyo kuti, "Uwauze za mphini."

"Mphini ziti?"

"Za pa akakolo pakozo. Wayesa ndi za chiyani?"

"Za njoka. Amayi anati n'zoteteza ku njoka."

Anaseka mpaka kutsokomola.

"Njoka zake ziti? Nanga ine bwanji ndilibe, sindinkayenda m'tchire? Atate anagulitsa tambala wawo wamkulu uja, anakutengera kwa sing'anga kutsidya kwa mtsinje kuti akakutemere za kukhazikika. Anati mwana uyu si woipa, koma miyendo yake ndi mutu wake sizimvana. Ine ndinakugwira manja pokutemapo. Pobwerera anakunyamula pakhosi njira yonse. Usiku ndinawamva akuuza amayi kuti, ndatopa kumumenya mwana wanga pa chinthu chimene sakuchitira dala."

Atate anga anali munthu wouma kuposa ine. Sanandiuzepo mawu ofewa mpaka analowa m'manda.

Dokotala anafunsa mwaulemu ngati ndingamuonetse. Ndinaweramira pansi, ndinatsitsa masokosi. Timizere takuda, titatu uku, titatu uku. Ndakhala ndikutisambitsa moyo wanga wonse. Sanaseke. Anati, "Bambo anu anaona bwino. Anaona zaka zambiri ine ndisanabadwe. Mankhwala ake okha ndi amene analibe."

Sindinalire. Mu ofesimo hita inali yotentha kwambiri, maso anangochita madzi.

Mawu anga aja oti matenda a azungu anafera pomwepo. Mlimi wa ku Ntcheu wosadziwa kulemba dzina lake analiona vutoli, n'kugulitsa tambala kufuna mankhwala. Ine ndinali ndani woti ndichite manyazi kumaliza ulendo umene iye anauyamba?

Dokotala atasonkhanitsa zonse anandiuza kuti ndili ndi ADHD, ndipo ndakhala nayo kuyambira kumudzi. Anati si misala, si ufiti, si uchitsiru. Ine ndiwonjezera changa: si chobisalirapo. Sitovu ndinayatsa ndine. Mu pub ndinalowa ndi miyendo yanga. Dzina la matenda silifafaniza mlandu, limangokuonetsa pamene denga likudontha.

Mankhwala sanandipatse tsiku lomwelo. Anayamba ayeza BP, anajambula mtima, chifukwa mapiritsi amenewa amatha kuthamangitsa mtima, ndipo ine si mnyamata. Anandiyambitsa ochepa kwambiri. Sindinamve kanthu, ndinauza Tadala kuti atibera. Nditabwerera anakweza pang'ono. Kukamwa kunkauma, njala inkasowa mpaka madzulo, buluku linayamba kukhwepa. Ndinanena zonse, anasintha kamwedwe, anati ndizidya kaye phala ndisanamwe. Zinatenga miyezi kuti tipeze muyezo wanga. Mpaka lero amandiyeza BP.

Mukufuna kudziwa chimene mapiritsiwo amachita. Depoti ija ilipobe. Koma oitanira aja tsopano amaima pamzere, amabwera mmodzimmodzi, ndipo ndimatha kuuza wina kuti dikira. Lamulungu lina ndinakhala kumbuyo uko, ndinamva ulaliki kuyambira poyamba mpaka pa ameni. Abusa, ndinadabwa. Mumalalikira bwino, ngakhale mumatalikitsa.

Piritsi silitsuka mbale. Zina ndinachita kuphunzira ngati mwana wa Sitandade 1. Ndinakhoma msomali pafupi ndi chitseko, makiyi amagona pamenepo, osati pena. Foni imalira nthawi ya mankhwala. Kukhitchini ndili ndi lamulo limodzi: sitovu ikayaka, phazi langa silidutsa pakhomo, kaya foni ilire, kaya agogode ndani. Ndimapita kugulu la anthu osiya mowa. Ambiri ndi a konkuno, amalankhula mothamanga, sindimva zonse, koma ndimapita. Ndinagwapo kamodzi, ndinamwanso pamaliro a mnzathu. Mmawa mwake ndinaimbira dokotala ndi Tadala, ndinanena ndekha asanamve kwa anthu. Achemwali ndimawaimbira Lamulungu lililonse. Amandinyozabe.

Khitchini ndinaikonza ndi manja anga. Kupala mwaye, kupenta, makabati atsopano. Ndinayamba, ndinamaliza. Eni nyumba anaika alamu zatsopano, ine ndinawonjezera ina pamwamba pa masitepe. Panopa ndimakonza zitseko ndi mashelefu m'nyumba za anthu, ntchito imodzi pa nthawi.

Kenako ndinavala suti n'kukwera basi ya ku Ongar. Sindinatume munthu. Ndinafotokozera NaBanda zonse, ndinawaonetsa botolo la mapiritsi ndi mphini. Anamvetsera manja ali pamiyendo.

"Mwalonjeza zambiri pa moyo wathu, bambo a Tadala."

"Lero sindikulonjeza. Ndikuti mudzaone."

"Ndamva."

Basi, ndinabwerera ndekha.

Patapita masabata anabwera masana ena. Sanakhale pansi. Anatenga mpini wa mopu, anadina alamu ya kukhitchini, inalira. Anakwera masitepe, anadina inayo, inalira. Anatsegula kashedi, anaona mpando uli ndi miyendo inayi, anaukhalira kuti aone ngati uthyoke. Anamwa tiyi, anabwerera ku Ongar. Anabweranso, n'kubwerera. Anabweranso. Sindinawakakamize. Kudikira ndi ntchito imene sindinaidziwepo, ndinaiphunzira pamenepo.

Mmawa wina kukugwa kamvula, ndinamva kiyi pachitseko. Anali iwo, mu yunifolomu, akuchokera ku shifiti, pilo uja ali m'jumbo.

"Ku Ongar n'kutali, miyendo ikupweteka. Muli ndi mazira?"

"Alipo."

"Mukazinge. Ndidya ndikadzuka."

Anakwera m'mwamba. Ndinathira mafuta m'chiwaya, ndinayatsa sitovu, ndinaima pomwepo. Ndinamva bedi likulira. Kenako ndinamva chinthu chimene sindinamvepo m'nyumba imeneyo: anatseka chitseko cha kuchipinda. Ndinakazinga, ndinazimitsa, ndinagwira batani ndi dzanja kutsimikiza. Ndinakaima pansi pa masitepe. Patapita kanthawi mkonono unayamba.

Azibambo, si aliyense womwa mowa kapena woiwala makiyi amene ali ndi zangazi. Musadzipime nokha, ndipo musandipemphe piritsi, sindikupatsani. Koma ngati mwamva nkhani yanu m'nkhani yanga, ngati kumudzi munali ndi dzina lonyozeka, ngati mkazi wanu amagona khutu limodzi lili maso chifukwa cha inu, pitani kwa GP mukanene zonse, ndi mowa womwe. Ndipo funani munthu amene anakuonani muli mwana akadali moyo. Ine ndinatsala ndi mmodzi yekha.

Ofuna kufunsa andipeze panja, koma mwachangu. NaBanda anagwira ntchito usiku, panopa akugona, chitseko chotseka. Ndikufuna akadzuka apeze nsomba yapsa.